Ndodo ya Yakobo

Kuwerenga: Genesis 32:9-12, 22-32, Ahebri 11:21



Lero ndifuna tikambirane za ndodo. Sindikunena ndodo ya Mose imene inagawa nyanja, iai, koma ndodo wamba yoyendera, ija imatsamira kuseri kwa citseko. Kwathu kuno ndodo ili ndi eni ake. Agogo a zaka 80 akalowa nayo m'chalichi palibe amene amaceuka. Ana amathamanga kukawalandira cikwama, ndipo tonse timati ndi ulemu wa imvi. Koma alowe nayo mai wa zaka 32, wa nkhope yosalala, mwana wake woyamba ali giredi 3, muone mmene makosi atembenukira. Asanakhale n'komwe pansi, funso lafika kale ku mabenci a kumbuyo: "Kodi awa catani?" Cifukwa ca makosi amenewo, alipo amai anzathu amene asankha kukhala panyumba, kapena kuyenda akugwiragwira makoma, kusiyana ndi kuoneka ndi ndodo pagulu. Uthenga uno ndi wao, ndiponso ndi wathu ife eni makosi.

Matenda amene amafooketsa miyendo ya munthu asanakalambe ndi ambiri, koma ndifuna ndikhazikike pa amodzi, amene madokotala amawachula kuti multiple sclerosis, mwacidule MS. Amapezeka kwambiri m'maiko ozizira monga Canada, Scotland ndi Sweden, ndipo ena a inu munayamba kuwamva kwa ana athu amene akugwira nchito ya unesi ku Britain. Kuno samveka kawirikawiri, koma kusamveka si kusakhalapo. Kuti awapeze pafunika makina a MRI ndi dokotala wa za ubongo, ndipo maphunziro a madokotala otere m'dziko muno anayamba mu 2018 ku UTH ku Lusaka. Bungwe la MS International Federation linawerengera mu 2020 kuti odwala padziko lonse ndi 2.8 miliyoni. Akazi ndiwo ambiri, kuposa amuna kawiri kapena kupitirira, ndipo nthawi zambiri amayamba kudwala pakati pa zaka 20 ndi 40. Ndiwo msinkhu umene munthu ali ndi mwana kumbuyo, munda, nchito ndi apongozi.

Mitsempha imene imanyamula mauthenga kucoka ku ubongo kupita ku miyendo, manja ndi maso ili ngati waya wa malaiti, ndipo uliwonse uli ndi cokuta cake monga pulasitiki imene imakuta waya. Pa MS, asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizilombo, amasokonezeka nayamba kudya cokuta cimeneci mu ubongo ndi mu msana, monga makoswe atafuna waya kudenga. Uthenga umacoka bwino kumutu koma umafika mocedwa, kapena sufika konse. Munthu auza phazi kuti nyamuka, phazi lingokwekwesa cala pansi. Pamene padyedwapo pamatsala zipsera zouma, zimene dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anazifotokoza mu 1868. Si matenda opatsirana, si kulodzedwa, ndipo si malipiro a chimo la munthuyo kapena la makolo ake. Funso lotere Ambuye analiyankha kale pa Yohane 9. Mankhwala ocepetsa kubwerabwera kwa matendawa alipo kuyambira mu 1993, ngakhale ndi odula, koma owacotseratu sanapezeke.

Cimene cimasokoneza anthu kwambiri ndi cakuti matendawa amabwera ndi kupita. Mwa odwala 100, pafupifupi 85 amayamba motere: mwendo ucita dzanzi kapena diso lisiya kuona bwino kwa masabata angapo, kenaka zikhala ngati zatha, papita miyezi, mwina zaka, kenaka zibweranso. Ngakhale tsiku limodzi siliyenda mofanana, pakuti kutentha kumaonjezera kufooka kwa kanthawi. Mai amene anayenda bwinobwino m'mawa wozizira wa mu June angathe kulephera kufika pa cigayo masana a mu October, kapena atangocoka pa mbaula, kapena atasamba madzi otentha. Oona amati, "Dzulo anali kuyenda yekha, lero ndodo. Akudzicititsa ameneyu." Sakudzicititsa ai. Ndi waya uja watentha.

Tsopano tiyeni kwa Yakobo. Pa Genesis 32 timupeza akubwerera kwao patapita zaka 20, ali ndi mantha, pakuti Esau akubwera ndi amuna 400. M'pemphero lake akumbutsa Mulungu kuti pothawa paja anaoloka Yordano alibe kanthu koma ndodo yokha. Imeneyo inali ndodo ya munthu wamphamvu, ya paulendo, yoopsezera agalu ndi kuyesera kuya kwa madzi. Ndodo yotere palibe amene amacita nayo manyazi. Koma usiku womwewo, pa mtsinje wa Yaboki, atatsala yekha, analimbana ndi Munthu wina kufikira mbandakuca. Munthuyo anamkhudza pa mfundo ya m'ciuno, mfundoyo niguluka. Yakobo anakangamirabe kufikira atadalitsidwa, napatsidwa dzina latsopano lakuti Israyeli. Ndipo dzuwa linamturukira akutsimphina.

Taonani, amai anzanga: dalitso ndi kutsimphina zinabwera usiku umodzi, kucokera ku dzanja limodzi. Ife timakonda kuzilekanitsa. Timaganiza kuti wodalitsidwa ndi amene ayenda njo, ndipo wotsimphina ali ndi mlandu wina umene sanaulule. Koma pa Penieli munthu wodalitsidwa ndi yemweyo wotsimphinayo. Ndipo sanapemphe Esau kuti adikire mwendo uyambe wapola. Mutu 33 utiuza kuti anadutsa akazi ndi ana, natsogola iye, kukakumana ndi mbale wake ndi mwendo womwewo.

Cimene cimandigwira mtima kwambiri cili pa Ahebri 11, pamene pali maina a ngwazi za cikhulupiriro. Yakobo anakhala zaka 147. Wolemba akanatha kusankha loto la makwerero, kapena usiku wa pa Yaboki. Koma pofuna kutionetsa cikhulupiriro ca Yakobo anasankha cithunzi ca munthu wofooka, akudalitsa ana a Yosefe, akupembedza atatsamira ndodo yake. Ndodoyo ili momwemo, pakati pa cingalawa ca Nowa ndi malinga a Yeriko. Mzimu Woyera sanaibise kuseri kwa citseko.

Ndikudziwa mau amene akumveka mu mtima wa amai ena: "Ndikatenga ndodo ndiye kuti ndavomereza matenda. Ndiye kuti ndaleka kukhulupirira kuti Mulungu adzandiciritsa." Mau amenewa sanadzimere okha. Taona alaliki pa wailesi ya kanema akulanda anthu ndodo ndi kuzithyola khamu likukuwa, ndipo anansi athu amatiuza kuti tisachule n'komwe dzina la matenda kuopa kuwaitana. Ife timakhulupirira kuti Mulungu amaciritsa, ndipo Yakobo 5 atiuza kuitana akulu a mpingo kuti apempherere wodwala. Tizicita zimenezo mosaleka. Koma Paulo, amene anaukitsa Utiko, anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake ucoke, ndipo sunacoke. Anapatsidwa cisomo cokhala nao. Paulo yemweyo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo Timoteo anamlangiza za comwa cifukwa ca m'mimba mwake mobvutabvuta. Kodi onsewa anali ocepa cikhulupiriro?

Kumbukiraninso kuti Satana ataimika Ambuye pamwamba pa Kacisi anawauza kuti adziponye pansi, nawawerengera salimo lonena za angelo amene amachinjiriza phazi kuti lisagunde mwala. Ambuye anakana, nati kumeneko ndi kuyesa Mulungu. Tsono mai amene atsika masitepe a chalichi ndi mwendo umene sukumva, mwana ali kumbuyo, ndodo waisiya dala kunyumba kuti angelo amgwire, wasiyana pati ndi zimenezo? Katekisimu wathu wa Heidelberg, pa funso 105, pofotokoza lamulo lakuti usaphe, amaphunzitsa kuti lamuloli likhudzanso thupi la mwini wake: munthu asadzivulaze, ndipo asadziike dala pangozi. Tinaloweza mau amenewo m'kalasi tili atsikana, osadziwa kuti tsiku lina adzanena za ndodo.

Pali msampha wina umene uli wa matenda ano makamaka. Popeza amabwera ndi kupita, mai angathe kupemphereredwa Lamulungu, patapita masabata atatu mwendo nubwerera mwakale. Aimirira kutsogolo, acitira umboni, ndodo aitaya. Caka camawa matenda abweranso, ndipo tsopano ali ndi akatundu awiri: mwendo, ndi manong'onong'o akuti anacimwanso. Masiku abwino akabwera thokozani Mulungu ndi mtima wonse, pakuti ndi mphatso yake ndithu. Koma ndodo musataye, ndipo mankhwala musaleke. Mvula ikakata mu April sitisasula denga.

Nanga nthawi yotenga ndodo ndi iti? Ambiri amadikira kuti dokotala awauze, kapena amadikira kugwa kwakukuru. Ine ndikuti musayang'ane mwendo wokha, yang'anani kumene munaleka kupita. Matendawa amaba malo pang'onopang'ono. Poyamba muleka msika wa kutali, mutuma mwana. Kenaka muleka kupita ku manda, mungothera pa nyumba ya maliro. Kenaka msonkhano wa cigawo ukudutsani cifukwa mwawerengera kale mtunda wa pakati pa basi ndi chalichi. Tsiku la Mgonero mukhala pampando, kuopa kudzandira anthu akuona. Palibe tsiku limene munanena kuti ndasiya, koma dziko lanu lacepa kufikira latsala khonde ndi khicini. Ngati mwayamba kukana malo amene mtima wanu ukufuna kupitako cifukwa ca kuopa kugwa kapena kutopa, nthawi yakwana kale.

Ndipo kunena zoona, ambiri amene akukana ndodo ali nayo kale, kungoti si ya mtengo. M'nyumba acoka pa citseko agwira mpando, acoka pa mpando agwira kabati. Panja ndodo yao ndi phewa la mwana wa giredi 5, amene wayamba kujomba kusukulu kuti aperekeze amake. Ife aphunzitsi timaona mpando wopanda munthu m'kalasi, ndipo cifukwa cake timacimva mocedwa. Mwanayo sangakane, koma phewa lake silinalengedwere nchito imeneyo. Yang'ananinso nsapato zanu: ngati ya mbali imodzi ikutha kutsogolo, phazilo likukwekwesa. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana apeza kuti mwa odwala MS, oposa theka amagwa kamodzi kapena kupitirira m'miyezi 6 yokha. Kwathu kuno kugwa kuli ndi malo ake oopsa: pambali pa moto muli ndi poto wa phala, pa citsime, m'bafa, pakati pa mseu. Fupa la m'ciuno likathyoka mudzagona miyezi, ndipo mudzadzuka wofooka kuposa kale.

Ena amaopa kuti ndodo idzapangitsa miyendo ulesi, matenda nakula msanga. Madokotala ali ndi muyeso wao, umene John Kurtzke anaukonza mu 1983, woyambira pa 0 kufika pa 10, ndipo pa 6 ndi pamene munthu afuna ndodo kuti ayende mamita 100. Odwala ena amaopa nambala imeneyi monga mwana aopa kulephera mayeso, nayesa kuti akakana ndodo ndiye kuti sanafikepo. Koma ndodo sidya cokuta ca mitsempha. Cimene cimafooketsa miyendo ndi kukhala pansi tsiku lonse cifukwa ca mantha. Wa ndodo amayenda mtunda wautali kuposa wogwira makoma, ndipo amafika ali ndi mphamvu zotsala zoti aphike ndi kuimba. Sikutinso mukaitenga lero ndiye kuti mpaka imfa. Mungathe kuigwira popita ku msika ndi kuisiya m'nyumba, kuigwira mu October ndi kuipumitsa mu June. Magalasi a maso timavala powerenga ndi kuvula tikatha, ndipo palibe amene amati tataya cikhulupiriro.

Cotsala ndi manyazi, ndipo sindiwapeputsa. Mai wacitsikana amadzifunsa ngati amuna ake adzayendabe naye limodzi pa mseu, ndi zimene alamu ake adzanena. Mkazi wina wochuka wa mafilimu ku America, Selma Blair, anapezeka ndi MS mu 2018 ali ndi zaka za m'ma 40. Mu February 2019 anafika pa phwando lalikuru la anthu a mafilimu atavala bwino, ndodo ili m'manja, ojambula zithunzi ali ponseponse, ndipo odwala anzake ambiri analimba mtima poona zimenezo. Ngati iye anatero pamaso pa dziko limene limagula nkhope ndi thupi, nanga ife m'nyumba ya Atate wathu? Kwa azibambo amene awerenge tsamba lino mobisa, monga ndidziwa kuti amacita: lonjezo lija munapanga pamaso pa mpingo linachula za matenda. Mugule ndodoyo ndinu, ndipo tsiku loyamba mulowe naye limodzi.

Mukatsimikiza mtima, musangothyola mtengo kuthengo kapena kubwereka ya agogo. Pitani kucipatala mukaonane ndi a fiziyo kuti akuyeseni. Ndodo yoyenera, mukaimirira mutavala nsapato manja ali pansi, cigwiriro cake cimafika pa mfundo ya dzanja pamene timamanga wochi. Yaitali imapweteka phewa, yaifupi imapinda msana. Imagwiridwa ndi dzanja la mbali ya mwendo wamphamvu, osati la mbali yofooka monga ambiri amaganizira, ndipo imapita kutsogolo pamodzi ndi mwendo wofookawo. Pokwera masitepe utsogole mwendo wamphamvu. Potsika itsogole ndodo ndi mwendo wofooka. Kunsi kwake kukhale mphira, ndipo ikatha musinthe, pakuti simenti yathu ija timaipukuta ndi Cobra mpaka kuwala ndi yoterera ngati therere. Mapatapata asiyeni, valani nsapato zogwira cidendene, ndipo citenje cisakwekwe pansi. Ngati vuto ndi phazi logwa, pali kothandizira kena kapulasitiki kolowa m'nsapato kamene kamagwira kakolo, ndipo a fiziyo adzakuuzani ngati kakuyenerani. Ndodo imodzi ikacepa pali ndodo ziwiri za m'mikono, ndiponso coyendera ca miyendo inai. Ca mawilo cimayenda bwino pa simenti koma pa mcenga cimatitimira, cotero muwauze za njira ya kwanu asanakusankhireni.

Pali mau ena amene amai amaopa kuposa ndodo: njinga ya olemala. Si onse odwala MS amene amafika pamenepo, ndipo ambiri amayendabe ndi miyendo yao zaka zambiri. Koma kwa amene afikapo, bwererani kwa Yakobo. Pa Genesis 45 ana ake atamuuza kuti Yosefe ali moyo ku Aigupto sanakhulupirire, kufikira ataona magareta amene anatumizidwa kudzamnyamula. Pamenepo mtima wake unatsitsimuka. Sananene kuti ine ndinapita ku Harana ndi miyendo yanga, sindikwera zimenezo. Anakwera, ali ndi zaka 130, cifukwa kumapeto kwa njira kunali nkhope ya mwana wake. Inunso dzifunseni kuti kumapeto kwa njira yanu kuli ciani: ukwati wa mwana wanu, Mgonero wa Ambuye, kalasi limene mukuphunzitsa. Njingayo nayo iyenera kuyesedwa pa thupi lanu ndi kukhala ndi khushoni yabwino, pakuti yosayenera imabweretsa zilonda za pamatako zimene zimavuta kupola.

Tsopano kwa ife eni makosi. Mpingo wathu suli mlendo pa nkhani zotere. Ku Magwero anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, ndipo palibe wa ife amene angauze mwana wa kumeneko kuti ataye ndodo yake yoyera kuti aonetse cikhulupiriro. Levitiko 19:14 amaletsa kuika cokhumudwitsa pa njira ya wakhungu. Cokhumudwitsa cina ndi sitepe, cina ndi pakamwa. Mnzathu akalowa ndi ndodo tsiku loyamba, musagwire pakamwa ndi kunena kuti, "Mayo ine, mwafika pamenepa?" Iye walimbana usiku wonse pa Yaboki wake kuti afike pa khomo limenelo. Mpatseni moni monga mwa masiku onse, musendere, mumpatse nyimbo. Musamlande ndodo kukaiika kutali poti ikutsekereza njira, musakankhe njinga yake musanamfunse, ndipo musamgwire mkono mwadzidzidzi, pakuti mungamgwetse ndinu. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Musamlandenso nchito. Cafooka ndi mwendo, si mutu. Ngati anali msungicuma akhalebe msungicuma. Ngati ndi tsiku lake lolalikira, muikireni mpando kutsogolo. Mose manja ake atalema pa Refidimu, Aroni ndi Huri sanamtsitse paphiri. Anamuikira mwala kuti akhalepo, nagwira manja ake, ndipo anatsogolerabe nkhondo ali cikhalire.

Dziko lathu lili ndi lamulo la anthu olemala la mu 2012, limene limanena kuti nyumba zofikamo anthu onse zikhale zotheka kulowamo aliyense. Ife tisadikire boma kutikumbutsa. Pa msonkhano wanu wotsatira turukani panja nonse, muyende kucokera pa mseu kufika pa benci, ndi kucokera pa benci kufika ku cimbudzi, mukuwerenga masitepe, maenje ndi mizu ya mitengo. Muone ngati khomo la cimbudzi lingalowe njinga, ndiponso ngati muli cogwirira ndi pokhala, pakuti matendawa amavutitsanso cikhodzodzo, ndipo amai ena amene timati anazirala anangoopa cimbudzi cathu. Mukatero, lembani zimene mwapeza, muonjeze mtengo wa simenti ndi paipi yacitsulo, ndipo amai a pampando akapereke pepalalo kwa abusa ndi akulu a mpingo mvula isanayambe.